Kuwerenga makalori kapena kusiya nsima, mmene ndikuonera ine wa ku Dedza

Masiku ano mukakhala pagulu la azimayi pa boma pano, kaya ndi ku banki mkhonde, kaya ku kwaya, kaya kokonzetsa tsitsi, nkhani ya thupi siichedwa kutuluka. Wina akuti ku chipatala amuuza kuti BP yakwera atsitse thupi, wina mawondo akumuwawa akangoyenda pang'ono pa chitunda, wina ndi madiresi chabe amene asiya kumukwana. Azibambo nawonso mimba zija zikuwasowetsa mtendere kungoti iwo amafunsa mwakabisira. Nde pakamwa pa anthu pali njira ziwiri zomwe zikumveka kwambiri. Ena akuti werenga makalori, omwe ndi muyezo wa mphamvu yomwe chakudya chimapereka mthupi, chilichonse cholowa mkamwa uzilemba mu foni. Ena akuti ayi zimenezo nzotayitsa nthawi, ingosiya ma carbs basi, nsima, mpunga, buledi, mbatata, shuga, zonsezo uzisiye uona thupi likutsika lokha.

Kwathu njira ziwiri zonsezi ndaziona ndi maso. Achemwali anga aakulu anakhalako ku Joni, pobwera anabwera ndi Banting, kadyedwe kosiya ma carbs, nsima sakhudza olo pang'ono, mmawa ndi mazira ndi mapeyala, masana nyama ndi kabichi. Alamu anga, amuna a mng'ono wanga, amagwira ntchito ya mu ofesi ku Ntcheu, iwo ndi a app, asanadye amayamba kaye alowetsa manambala mu foni. Onse awiri thupi linatsika ndithu. Akakumana kumudzi amatsutsana mpaka anthu kuwatopera, aliyense akuti yake ndi imene ili ya sayansi. Ine ndimaona kuti onse anachita chinthu chimodzi, anachepetsa chakudya cholowa mthupi, kungoti wina anachepetsa powerenga, winayo pochotsa gulu lonse la zakudya. Chomwe chimandikhudza ine ndi choti munthu wa kuno, wophika pa mbaula, wopisa mbale imodzi ya ndiwo ndi ana, wogula zinthu pa mulu osati pa sikelo, angakwanitse iti mpaka chaka kutha osatopa nayo.

Pa makalori manambala ofunika kusunga mmutu ndi ochepa. Galamu imodzi ya ma carbs imapereka makalori 4, ya mapuloteni 4, ya mowa weniweniwo 7, ya mafuta 9. Mzimayi wamkulu amafunika pafupifupi 2000 patsiku, mwamuna pafupifupi 2500, koma wolima tsiku lonse kapena wopalasa kabaza amafunika oposa pamenepo, wokhala pa mpando kuyambira mmawa mpaka madzulo amafunika ocheperako. Ukamadya zoposa zomwe thupi likugwiritsa ntchito, zotsalazo zimasanduka mafuta. Kilo imodzi ya mafuta a mthupi ndi makalori pafupifupi 7700. Nde mukaona wina pa Facebook akugulitsa tiyi woti akuchotserani makilo 10 mu sabata ziwiri, werengerani nokha, amenewo ndi makalori 77000, olo mutakhala osalawa kanthu sabata ziwiri zonsezo simungafikeko. Ambiri mwa matiyi amenewa amangotsegula mmimba ndi kukodzetsa, chotuluka ndi madzi, ndalama yapita.

Mpaka apa alamu anga akunena zoona. Povuta ndi pamene ufuna kuwerenga chakudya chathu chenicheni. Ma app amenewa anawapangira anthu odya za mmapaketi zolembedwa manambala kumbuyo. Lembani nsima muone, ibwera ugali, ibwera sadza, ibwera pap, manambala osiyanasiyana olowetsedwa ndi anthu omwe sitikudziwa anayeza bwanji. Nanga mtanda ndi muyezo? Chipande cha mayi anga ndi cha ine nzosiyana, nsima ya munthu wina ndi yolimba ya wina ndi yofewa, ndipo yolimbayo yadya ufa wambiri ngakhale mitanda ikuoneka yofanana. Ndiwo ndiye zovuta kwambiri. Nkhwani wongofwafwaza ndi tomato alibe makalori oti nkuwawerenga, koma nkhwani wotendera, nsinjiro zothira mosaumira, ndi nkhani ina, chifukwa mtedza magalamu 100 uli ndi makalori oposa 550. Dzina ndi limodzi lomwelo, nkhwani. Futali, thobwa, chikondamoyo, zitumbuwa, aliyense amapanga mwake. Ndipo pa maliro, pa chinkhoswe, pa ukwati, ndani angatulutse sikelo anthu akugawa nsima mu beseni? Mapeto ake munthu amangolota nambala nkulemba, ndipo tikamalota timalota motsitsa, timaiwala mtedza uja tinakukuta mu minibasi, timaiwala nzimbe, timaiwala mbamu zomwe tinamalizira mu mbale ya mwana.

Ine ndikuti kuwerenga nkwabwino koma tiziwerengera pogula ndi pophika, osati pa mbale. Apa ndi pamene munthu wa kuno angawerenge zenizeni opanda app opanda bando. Ufa kilo imodzi uli ndi makalori pafupifupi 3600. Ngati poto wa nsima wadya kilo ya ufa ndipo mwadya anthu 5, aliyense watenga cha mma 700, ndiwo tisanaziwerenge. Paketi ya shuga ya kilo ndi pafupifupi 4000. Mafuta ophikira lita imodzi ndi oposa 8000. Tsono dzifunseni, paketi ya shuga pakhomo panu imatha masiku angati? Botolo la mafuta limatha masiku angati? Mzimayi aliyense wosunga khitchini yankho ali nalo pompo, chifukwa ndi iye amadandaula zikatha msanga. Banja la anthu 5 lomwe limamaliza malita 2 a mafuta mu sabata ziwiri, munthu aliyense akumwa makalori oposa 200 patsiku a mafuta okha osawaona nkomwe, angolowa mu supu ndi mu kabichi. Shuga akamatha kilo pa sabata, ndi ena oposa 100 pa munthu patsiku, ndipo tikudziwa kuti sagawana mofanana, pali wina mnyumbamo amene amathira kwambiri. Mukangopanga zoti botolo lomwe lija lizitha mwezi, paketi ija izitha sabata ziwiri kapena zitatu, mwachotsa makalori ambiri osakhudza nsima, ndipo ndalama yatsala mthumba, mmene mafuta akudulira chigwereni kwacha mu November 2023 muja.

Tsopano za achemwali anga ndi Banting yawo. Njirayi si yatsopano ayi. William Banting anali bambo wa ku London woyendetsa za maliro, wonenepa kwambiri, mu 1863 analemba kabuku kofotokoza mmene anatsitsira thupi atasiya buledi, shuga, mowa ndi mbatatesi. Ku South Africa amene anaitchukitsanso cha mma 2013 ndi pulofesa Tim Noakes wa ku Cape Town, nchifukwa chake abale athu ambiri obwera ku Joni amabwera nayo. Keto, njira inanso yosiya ma carbs yomwe ndi yokhwima kwambiri, inayambira ku Mayo Clinic ku America mu 1921, ndipo cholinga chake sichinali kuchepetsa thupi, anaipangira ana odwala khunyu. Pa keto umayenera kudya ma carbs osapitirira magalamu 50 patsiku. Ufa magalamu 100 okha uli kale ndi oposa 70, pomwe nsima ya ufa wochuluka choncho bambo wamkulu sanena kuti wakhuta. Kutanthauza kuti nsima palibiretu, osati kuchepetsa koma kusiyiratu.

Chomwe chimakopa anthu ndi sabata yoyamba. Ukasiya ma carbs sikelo imatsika msangamsanga, kilo imodzi kapena ziwiri mmasiku ochepa, munthu nkusangalala kuuza aliyense. Koma ambiri mwa makilo oyambawo ndi madzi. Thupi lili ndi kankhokwe kake ka shuga mu chiwindi ndi mminofu, amati glycogen, pafupifupi theka la kilo, ndipo galamu iliyonse imasungidwa pamodzi ndi madzi pafupifupi magalamu 3. Ukasiya nsima thupi limayamba kutapa mmenemo, madzi aja nkumatuluka, nchifukwa chake masiku oyamba umakodza pafupipafupi, mutu kuwawa, kufooka. Tsiku lomwe udzadyenso mpunga wa pa Khirisimasi madzi aja amabwerera, sikelo nkukwera usiku umodzi. Zimandimvetsa chisoni ndikaona munthu akulira kuti walephera, wabwezeretsa zonse, nkutayiratu mtima kuyambiranso kudya mosasamala, chonsecho ndi madzi chabe abwerera mmalo mwake.

Sindikunyoza njirayi, ili ndi zabwino zake zenizeni. Mazira, nyama, nsomba ndi mapeyala zimakhalitsa mmimba, njala siibwera msanga, nde munthu amadya zochepa osawerenga chilichonse. Lamulo lake ndi losavuta kulikumbukira. Komanso ukati ma carbs ayi, mandasi, mabisiketi, zoziziritsa kukhosi, masikono, shuga wa mu tiyi, zonsezi zachoka nthawi imodzi, ndipo ine ndimakhulupirira kuti mbali yaikulu ya kutsika kwa achemwali anga inachokera pamenepa. Kwa odwala shuga kuchepetsa zokhutitsa kumathandizadi kuti shuga asamakwere kwambiri akadya.

Koma mtengo wake? Achemwali anga amakwanitsa chifukwa ali ndi kabizinesi kawo ndipo ana awo anakula. Mphunzitsi wa ku pulayimale wa ana anayi adye mazira ndi nyama katatu patsiku, mwezi ufika pa 10 malipiro atatha. Ndiye kuphika miphika iwiri, wa banja ndi wako, makala kawiri. Chomwe chimandipweteka kwambiri ndi choti keto yokhwima imaletsa ndi nyemba zomwe, khobwe, nandolo, nzama, ati zili ndi ma carbs. Nyemba! Chakudya chomwe chimakhutitsa, chotchipa, cha mapuloteni, chomwe timalima tokha mmapiri muno. Nthochi ayi, mango ayi, mapichesi a ku Lizulu ayi. Kenako munthu nkumadandaula kudzimbidwa. Pa magulu 6 a zakudya omwe timaphunzitsidwa ku sikelo ya ana, zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta, wachotsapo limodzi lonse ndipo awiri ena wawadula pakati. Ndipo pali za ulemu. Achemwali atapita kumudzi nkukana nsima, mayi anangoyang'ana mbale ija nkufunsa kuti, kodi mwana wanga, nsimayi yakulakwira chani? Kwa mayi ako ukhoza kufotokoza. Nanga kwa apongozi?

Anthu ophunzira anaziyesa kale njira ziwirizi. Mu 2018 gulu la Christopher Gardner ku yunivesite ya Stanford linatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu 609 omwe anawatsatira kwa miyezi 12. Theka anauzidwa kuchepetsa ma carbs, theka kuchepetsa mafuta, onse anauzidwa kudya masamba ambiri, kuchepetsa shuga ndi ufa woyeretsedwa, ndi kumaphika okha kunyumba. Chaka chitatha ochepetsa ma carbs anatsika makilo 6 pa avereji, ochepetsa mafuta makilo 5.3, kusiyana kosati nkukanganirana. Chochititsa chidwi ndi choti mgulu lililonse munali ena otsika makilo oposa 20 ndi ena omwe anachita kunenepa. Njira imodzi yomweyo wina imamuyanja wina ayi.

Kuno kwathu nkhani ya ma carbs imandikhudza mwapadera chifukwa cha kachewere. Ife a Dedza ndi Ntcheu ndi amene timadyetsa dziko lino mbatatesi, kuchokera ku Bembeke, ku Tsangano, matumba osanjikizana mmbali mwa M1 pa Lizulu, malole kunyamula kupita ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Nde kumva mwana wobadwira mmunda wa mbatatesi akuti mbatatesi ndi poizoni chifukwa wawerenga pa intaneti, zimandiwawa. Mbatatesi yophika mmadzi magalamu 100 ili ndi makalori osafika 90. Mu 1995 Susanna Holt ndi anzake ku yunivesite ya Sydney anayesa zakudya 38 kuti aone chomwe chimakhutitsa kwambiri munthu akadya makalori ofanana, ndipo pa zonsezo mbatatesi yophika ndi imene inakhala pamwamba, kuposa buledi woyera katatu. Mbatatesi yomweyo ikalowa mu chiwaya imatuluka ndi makalori pafupifupi 300 pa magalamu 100 omwewo.

Kaimeni pa chiwaya madzulo muone bwinobwino. Mnyamata wasenda, wadula, waponya mu dzenje la pakati lija momwe mafuta akuwira, mafuta oti asintha mtundu ada bii chifukwa akhala akukazingira kuyambira mmawa. Tchipisi chikapsa amachikokera mmbali mwa chiwaya, mafuta nkumatsetsereka kubwerera pakati koma ambiri alowa kale mkati. Mukagula amakuikirani mu jumbo, kabichi pamwamba, mchere, tsabola, kenako amatunga mafuta ena ndi chipande nkuthira pamwamba ngati supu, ndipo ambiri timachita kupempha kuti onjezerani. Pambali kachidutswa ka nkhumba kapena chiwindi chokazingira momwemo, kutsitsira Fanta. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ndi makalori 120, nde werengerani chipande chija. Munthu ameneyu akanenepa, olakwa akhala mbatatesi ya ku Tsangano? Wa keto adzati siya mbatatesi koma nkhumba ndi mafutawo idya. Ine ndikuti bweretsa mbatatesiyo kunyumba, uiphike ndi tomato ndi anyezi ndi kasupuni kamodzi ka mafuta, udye ukhute. Sindikuti anyamata a chiwaya asiye ntchito, ndi pomwe akupezera sopo, koma tchipisi chizikhala cha apo ndi apo, osati nkhomaliro ya tsiku lililonse ya munthu wokhala mu shopu.

Kwinanso komwe timagwera ife a kumapiri ndi tiyi. June ndi July kuno kukazizira, nkhungu itakuta phiri la Dedza mpaka 9 koloko, zala zitauma, munthu umamwa tiyi mmawa, 10 koloko, 4 koloko, ndi usiku pogona. Kapu yake ija yaikulu ya pulasitiki, shuga masupuni atatu anayi odzadza, mkaka, mandasi awiri pambali. Kasupuni ka tiyi kosadzadza kwambiri ndi magalamu 4, koma athu aja odzadza mpaka kutayikira ndi kawiri kake. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2015 linati shuga wothira asapitirire magalamu pafupifupi 50 patsiku kwa munthu wamkulu, ndipo bola kuchepera 25. Botolo limodzi la Coke la 300ml lili kale ndi oposa 30. Apa a makalori ndi a ma carbs amagwirizana onse, shuga wakumwa sakhutitsa, umamwa makalori 300 njala ili pomwepo. Lilime limazolowera, mukamachotsa theka la supuni pakapita sabata iliyonse mudzapezeka tiyi wakale uja akukunyansani kutsekemera. Azibambo, mowa nawo uli momwemo, botolo limodzi ndi cha mma 140, mukamwa 6 Loweruka ndi kanyenya pambali mwadya pafupifupi theka la chakudya cha tsiku lonse pa bala.

Taganizirani azimayi akumudzi kwathu. Mayi anga amadya nsima masana ndi madzulo, mitanda yosanyengerera, moyo wawo wonse, ndipo thupi lawo ndi lomwe lija. Amadzuka kukada kupita kudimba, kutunga madzi, kusenza nkhuni kutsika nazo phiri, ku tchalitchi wapansi. Shuga amagula pakakhala mlendo, mafuta ndi a tayi wa mu kapepala pa ndiwo za banja lonse. Nsima ikanakhala kuti ndi imene imanenepetsa payokha bwenzi kumudzi kuli anthu onenepa kuposa mtauni. Chinasintha kwa ife ndi choti mitanda tinasiya yomwe ija ya wolima, koma khasu tinalisiya, kuchoka pa depoti kufika kumsika timakwera njinga yamoto, ndipo pamwamba pake tinaonjezera mafuta, shuga ndi za mmapaketi. Za mmapaketizi Kevin Hall wa ku National Institutes of Health ku America anaziyesa mu 2019, anagoneka anthu 20 pamalo amodzi nkumawapatsa sabata ziwiri zakudya za ku fakitale, sabata ziwiri zophika kuchokera ku zinthu zachilengedwe, aliyense kudya mmene akufunira. Pa za ku fakitale ankadya makalori pafupifupi 500 oonjezera patsiku osazindikira, nkunenepa pafupifupi kilo imodzi mu sabata ziwiri zokha.

Za mgaiwa ndinenepo pang'ono chifukwa ena akumaganiza kuti ukasintha ufa basi wathana nazo. Makalori a mgaiwa ndi a ufa woyera ndi ofanana ndithu. Kusiyana kwake nkoti woyera tinakonola, tinaviika, gaga ndi kamtima ka chimanga zinapita ku nkhumba ndi nkhuku, pomwe mgaiwa zonse zilimo nde umakhalitsa mmimba ndipo uli ndi michere yambiri. Ndi wabwino, koma mitanda inayi ya mgaiwa ndi mitanda inayi basi.

Pakhomo panga timachita chonchi. Nsima timadya, ine mtanda umodzi kapena umodzi ndi theka, ndipo ndimapakuliratu mu mbale yanga osati kumangotapa pa mulu. Ndiwo zamasamba zimakhala zambiri kuposa nsimayo, mpiru, chinese, bonongwe, chisoso, kabichi, zomwe kuno nzosasowa chaka chonse, ndipo ndimayamba kudya zimenezo. Pambali nyemba, usipa, mazira kapena soya pieces, nyama ikapezeka. Mafuta ndimathira ndi supuni, botolo silipendekeka pa poto. Mmawa mbatata yophika kapena phala la mgaiwa lothira nsinjiro mmalo mwa buledi ndi mandasi. Madzulo ngati masana ndinadya nsima pena ndimangodya mbatatesi yophika ndi ndiwo. Ndikapita kwa eni ake ndimadya chomwe andipatsa ndi manja awiri, ndimangochepetsa mbamu. Ndipo ndimayenda, ku ntchito wapansi, kumsika wapansi, a WHO amati mphindi 150 pa sabata, kuno zitunda tili nazo zaulere sitifunika jimu. Thupi limatsika pang'onopang'ono, theka la kilo pa sabata kapena kuchepera apo, mwezi wina osasuntha nkomwe, koma palibe tsiku lomwe ndimagona ndi njala kapena kuphika mphika wanga wandekha. Kunena zoona apa ndatengako kwa alamu anga, kudziwa komwe makalori abisala, ndatengakonso kwa achemwali, kudula shuga ndi za ufa wa tirigu.

Pali chinthu china chomwe ma app ndi mabuku a azungu sachidziwa, pakamwa pa anthu. Kuno ukanenepa amati ukusamalidwa, banja likuyenda, bambo wa mimba ndi bwana. Ukayamba kutsika anthu amayamba kunong'onezana, mwamuona uje mmene wathera, kaya ndi matenda aja, kaya banja lavuta. Tinataya abale ambiri zaka za mma 1990 ndi 2000 akuonda tikuona, nde mantha amenewo ndi omveka, sindingawaseke. Koma ndikudziwa azimayi omwe anasiya kuchepetsa thupi pakati, BP ili pamwamba, chifukwa choopa kunenedwa. Chonsecho kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 mdziko muno ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa nkomwe. Kafukufuku wa DHS wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti azimayi 21 pa 100 aliwonse ndi onenepa kupyola muyezo, nthawi yomweyo ana 37 pa 100 osakwana zaka 5 ndi opinimbira. Nyumba imodzi mayi wonenepa mwana wopinimbira, zimachitika, nchifukwa chake ndimakana zoti mayi achotse nyemba ndi phala mnyumba chifukwa cha dayeti yake, kapena adye yekha mazira onse ana akudya nsima ndi supu. Mnzanu akakuuzani kuti akuchepetsa thupi dala mulimbikitseni, osamufunsa kuti mukudwala?

Kwa amene mukumwa mankhwala, chonde apa mvetsetsani. Ngati muli ndi shuga ndipo mukubaya insulin kapena kumwa glibenclamide, musangodzuka nkusiya nsima chifukwa mwaona vidiyo. Mankhwalawo apitiriza kutsitsa shuga pomwe chakudya palibe, mutha kunjenjemera, kutuluka thukuta, kukomoka kumene. Pitani kaye ku kiliniki ya shuga mukawauze zomwe mukufuna kuchita kuti akusinthireni mlingo. Kutsitsa thupi kumathandizadi matendawa, ku UK kafukufuku wa DiRECT wa Roy Taylor ndi Mike Lean mu 2017 anaonetsa kuti pafupifupi theka la odwala shuga wa mtundu wachiwiri omwe anatsatira ndondomeko yochepetsa kwambiri chakudya shuga wawo anabwerera mmalo chaka chitatha osamwa mankhwala, makamaka omwe anatsika makilo 15, koma zonsezo zinkachitika anamwino akuwayang'anira. Ena mwanenepa chiyambireni ma ARV atsopano a dolutegravir omwe anayamba kuperekedwa kuno mu 2019, ena chiyambireni jakisoni wolera, zimenezo zimachitikadi kwa anthu ena, koma musasiye mankhwala panokha, kakambiraneni ndi a chipatala. Oyembekezera ndi oyamwitsa ino si nthawi ya keto kapena yodzimana. Ndipo ngati thupi likutsika lokha musanasinthe kadyedwe, muli ndi ludzu losatha, kukodza usiku wonse, kapena chifuwa chosamva mankhwala, imeneyo si dayeti, kayezetseni.

Ambiri tilibe sikelo kunyumba ndipo ya pamsika yolipira ija lero ikuuza zina mawa zina. Tengani chingwe, muyeze kutalika kwanu kuchoka kumutu kufika kuphazi, mudule, muchipinde pakati. Chopindacho chizungulize mmimba pamwamba pang'ono pa mchombo, mutatulutsa mpweya bwinobwino osakoka mimba. Nsonga zikakumana zili bwino, zikapanda kukumana ndiye kuti mafuta a pamimba achuluka, omwe ndi amene amayenda limodzi ndi shuga ndi BP. Sungani chingwecho muziyesa kamodzi pa mwezi, mmawa musanadye, ndipo pa khoma la kukhitchini muzilemba tsiku lomwe mwatsegula paketi ya shuga ndi botolo la mafuta.